Mapepala Onyowa a Bwana Chikakuda

Zoti a Lasitoni Kampango anafa akupita kwa chibwenzi, ine ndinazimva pamaliro pomwepo, tikutsuka mbale kuseri kwa nyumba ya siwa. Anandinong'oneza ndi mayi wina wa kwaya, mlomo uli m'khutu mwanga ngati akufuna kundiluma. Akuti, "Anangozo, inu mumagwira nawo ntchito, musanamizire kusadziwa. Munthu angawoloke Namilulu mvula ili chonchija, Lamulungu masana, mkazi ali kutchalitchi, kukafuna chiyani pa Kaphiri? Ndi Fanesi wa saluni uja basi."

Ine ndinangoti, "Eee?" koma mtima unali utayamba kale kuvina, chifukwa nkhani zoterezi, amwali, ndimazikonda, sindibisa. Amuna ndimawadziwa, ndinakwatiwapo kawiri. Ndiponso Fanesiyo ali ndi kaseko kena kake koti ngakhale mkulu wa mpingo amaiwala kumene amapita. Theka ndinakhulupirira. Theka linalo ndinakayika chifukwa cha chikwama. Amene anawaona akutsikira kumtsinje anati anali atabereka chikwama chawo cha laputopu, atachikulunga m'jumbo. Nanga kwa chibwenzi munthu amapita ndi laputopu? Kukatani nayo?

Ine ndimagwira ntchito ku ofesi ya Tigwirane, bungwe la alimi a mbatata ya kachewere pa Kaphiri, kuno ku Ntcheu. Ndimasesa, ndimakolopa, ndimaphika tiyi. A Lasitoni ndiwo ankayang'anira makompyuta. Kwawo kunali kutsidya kwa mtsinje, ndipo tsiku limenelo madzi anawakokolola pamlatho wamitengo uja. Thupi linapezeka m'bango patapita masiku. Chikwama ndi foni sizinapezeke.

Kumanda, bwana wathu, a Chikakuda, anayankhula m'malo mwa ofesi, atavala jekete lakuda ndi nsapato zonyezimira ngati akupita ku ukwati. Anati, "Malemuwa anali munthu wolimbikira. Koma Lamulungu ofesi yathu imakhala yotseka. Kumene amapita tsiku limenelo akudziwa ndi Mulungu yekha." Mawu amenewo ndi amene anasonkhezera nkhani ya Fanesi. Mkazi wa malemu, Namaseko, ndinamuona ndi maso angawa. Anali akulira modzigwetsa, amayi atamugwira uku ndi uku, koma atamva zimenezo anasiya ngati mpopi wotsekedwa. Anapukuta nkhope ndi chitenje nkukhala duu. Mpaka tsiku lometa, msozi sunatulukenso.

Tsono kuti mumve bwino. Kuseri kwa ofesi yathu kuli kachipinda kopanda zenera. M'menemo muli seva, chibokosi chakuda chong'ung'udza usana ndi usiku, zingwe zili piringupiringu ngati mizu ya kachere. Pulinta ili pakhonde la mkati, ndipo ndi imodzi yokha ya ofesi yonse. Kalaliki akatumiza pepala kuchokera pa kompyuta yake, limayamba ladutsa mu seva, seva ndiyo imalikankhira ku pulinta. Pulintayo ikavuta, a Lasitoni anali ndi kachitidwe kawo. Akaikonza ankatulutsa pepala loyesera, nkulinyamula ndi manja awiri mpaka pachitseko cha bwana, kugogoda ndi chala chimodzi, go, go, nkunena kuti, "Bwana, yatheka." Asanachite zimenezo sankaweruka, ngakhale dzuwa lilowe, ngakhale muwaitanire nyama.

Titangochoka pamaliro, pulinta inayamba matukutuku. M'mawa inkagwira bwinobwino. Koma masana, mitambo ikayamba kusonkhana kuphiri, inkasowa. Osati kusowa kobedwa ayi. Inali pompo, kanyali kake kobiriwira kakuyaka, koma makompyuta onse ankati sakuiona. Makalaliki ankadina, kudinanso, kutukwana, mapepala nkumangounjikana pamzere mu seva osatuluka. Alimi obwera kudzatenga zikalata za mbewu ankakhala pabenchi mpaka mvula kuwapeza, nkubwerera chimanjamanja akutinena kuti ndife aulesi.

Bwana anaitanitsa katswiri kuchokera ku Balaka, mayi wamtali wa magalasi, dzina lake Sigele, wosaseka nthabwala za munthu. Ndinayesa kumufunsa ngati ali pabanja, anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anazimitsa pulinta nkuiyatsanso. Anazimitsa seva nkuiyatsanso. Anasintha chingwe. Anaichotsa pulintayo mu seva nkuilowetsanso ngati yachilendo, ndi pulogalamu yake yatsopano. Inagwira, tinawomba m'manja. Masana inasowanso.

Ndiye panayamba tinthu tina. Kapu ya a Lasitoni, yachitsulo yobenthuka pamlomo, ndinali nditaiika pamwamba pa kabati kuti abale adzatenge. Ndinaipeza patebulo la kukhitchini, m'kati muli madzi. Ndinaibweza. Mawa lake ndinaipezanso patebulo. Mtsikana wa pa risepushoni anati iye amamva pulinta ikudziwotha yokha nthawi ya nkhomaliro, pakhonde palibe munthu. Tinamuseka, koma kuyambira tsiku limenelo ankakadyera panja.

Kenaka madzi. Sigele anatuluka m'kachipinda ka seva akuyang'ana kunsi kwa nsapato zake.

"Amayi, mwakolopa muno?"

"Ine ndimakolopa m'mawa, achemwali. Pano pauma kalekale."

"Ndiye tabwerani muone."

Pansi panali ponyowa. Sichinali chithaphwi, anali madontho otsatana kuchokera pakhomo mpaka pa kampando kamene a Lasitoni ankakhalira. Denga silinkadontha. Ndipo fungo, amwali! Si fungo la sopo wanga. Linali fungo la matope a kumtsinje, lija la bango lovunda. Mapepala a mu pulinta nawonso anali a chinyezi, ofewa ngati nkhwani wofota. Chingwe chabuluu chatsopano, chimene Sigele anachisiya patebulo kuti ayesere, chinali chitasowa.

Bwana atamva anatuluka mu ofesi ngati alumidwa ndi mavu.

"Anangozo! Ndiye kuti vuto lonseli ndi inu! Mukuthira madzi pa zingwe ndi chikolopa chanucho!"

"Bwana, ine ndakolopa muno zaka zonsezi, pulinta sinasowepo."

"Kale munali ndi maso. Pano maso anu ali pa nkhani za eni, manja akungomwaza madzi. Nanga chingwe mwapita nacho kuti? Mwakayanikira zovala?"

Makalaliki anaseka. Ine magazi anawira. Ine, mayi wamkulu wa zidzukulu, kunditcha wakuba chingwe pamaso pa ana amene ndimawaphikira tiyi? Ndinati, "Bwana, kwathu choyanikira chilipo, cha waya, ndinachimanga inu musanabwere pa Kaphiri pano."

Bwana anati, "Tayankhaninso."

Ndinatseka pakamwa, koma mumtima ndinawatukwana mpaka kumtundu kwawo.

Bwana anakhoma kachipinda ka seva, kiyi nkuponya m'thumba mwawo, nkulamula kuti wina asalowemo iwo palibe. Mawa lake masana pulinta inasowa. Anakatsegula okha. Madontho anali pompo, kuchokera pakhomo mpaka pakampando, ndipo kampandoko kanali konyowa pokhalira. Mukuganiza kuti anapepesa? Asa! Anati ndikuthira madzi kunsi kwa chitseko mwadala chifukwa chokwiya. Inu, madzi othira kunsi kwa chitseko amakhota okha nkukwera pampando?

"Ndakupatsani mpaka Lachisanu la sabata ya mawa," anatero. "Madzi amenewa akapanda kusiya, mutenge chikolopa chanu muzipita."

Ntchito imeneyi ndiyo imadyetsa nyumba yanga. Bambo wachiwiri uja anapita ku Joni kalekale, ngakhale moni wa pafoni satumiza. Pa msinkhu wangawu, munthu wothamangitsidwa ndi dzina la kuba chingwe, angakulembenso ndani? Ndinkakolopa ndi chikolopa chofinya mpaka manja kuwawa, pansi kuuma ndisanafike pakhomo. Masana madontho ankabwera ndithu.

Koma Sigele ndinaona kuti nkhani ya chikolopa sinamulowe. Lachiwiri anapempha kiyi nkukhala m'kachipindamo kuyambira nthawi ya nkhomaliro, chitseko chili chotsegula, kudikira. Ndinamupititsira tiyi, komanso ndinkafuna kuona, nanga mukanakhala inu? Kunja kunachita mdima wa mvula. Kenaka m'kachipindamo munazizira, kuzizira kuja koyambira kumapazi ngati waponda m'madzi. Sigele anaweramira pa kompyuta.

"Ndi ameneyu," anatero. "Walowa."

"Ndani?"

"Amayi, chilichonse chimene chili pa netiweki chimakhala ndi nambala yake, ngati nyumba za m'tauni. Seva ikafuna pulinta imagogoda pa nambala ya pulinta. Ndiye masana aliwonse kukubwera makina ena nkutenga nambala yomweyo. Seva ikagogoda, akuyankha ndi mlendoyo. Pulinta yathu ilibe vuto, yangolandidwa khomo."

"Ndiye ndi wakuba?"

"Wakuba sachita zimenezi. Timachita ndife okonza. Ukafuna kudziwa ngati njira yopita ku pulinta ili yamoyo, umaipatsa laputopu yako nambala ya pulintayo nkuyesa. Munthu ameneyu akukonza pulinta." Anakankhira magalasi m'mwamba. "Dzina la laputopuyo likuoneka apa. Kodi Lasitoni ndi ndani?"

Iye malemu ankangowamva kuti a Kampango. Ndinamuuza. Ndinamuuzanso kumene laputopuyo inapita. Iye anati mwina wina anaitola kumtsinje nkuiumitsa. Ndinati mwina.

"Koma netiweki yathu sifika ngakhale pageti," anatero motsitsa mawu. "Amene ali nayo ali mkati muno."

Tonse tinayang'ana kampando kaja. Panalibe munthu. Koma dontho linagwa kuchokera m'mphepete mwake, tho, pasimenti. Ine ndinatuluka chafutambuyo. Sigele, ndi sukulu yake yonse, anandipitirira pakhomo.

Atakawauza bwana, nkhope yawo inatuwa ngati phulusa. Ndinaiona chifukwa ndinali ndikupukuta zenera lawo chakunja, ngakhale linali loyera kale. Kenaka anakalipa kuposa masiku onse.

"Sindinakuitaneni kuti mudzandiuze za mizimu! Mwayamba kumwa tiyi ndi Anangozo, mwatengera miseche. Itsekereni kunja laputopuyo, lero lomwe!"

Sigele anachita zimene anauzidwa. Anaipatsa pulinta nambala ina, nkuuza seva kuti dzina lija likagogoda isatsegule.

Lachitatu masana pulinta sinasowe. Inatulutsa mapepala ouma, otentha bwino. Bwana anadutsa pakhonde akuimba mluzu, nkundiyang'ana ngati kunena kuti mwaona? Koma mvula itayamba kuwaza pamalata, tonse tinamva. Go, go. Pachitseko cha bwana, chala chimodzi.

"Lowani!"

Zii.

Go, go.

Anatsegula mwaukali. Pakhonde ndinali ndekha, kumapeto kwenikweni, tsache lili m'manja. Pachitseko, pamene munthu amagogoda paja, kadontho kanali kakutsetsereka. Pansi madontho sanalinso m'kachipinda. Anali pakhonde ponse, kupita ndi kubwerera, kupita ndi kubwerera, ngati munthu amene amutsekera kunja kwa ofesi yake ndipo sakudziwa kolowera.

"Anangozo! Mwayamba kundiseweretsa eti? Lachisanu musadikire kuti ndikuuzeni. Ndi lomaliza!"

Ndikuweruka tsiku lomwelo, ndikuyankhula ndekha ndi ukali, pageti ndinakumana ndi a Mofati a kabaza, aja a njinga yofiira. Anali ndi chingwe chabuluu, atachigwira ndi zala ziwiri ngati njoka yakufa.

"Anangozo, ichi si cha kuntchito kwanu?"

"Mwachitenga kuti?"

"Anachisiya pa kaliyala kasitomala wina." Anacheuka kuyang'ana njira ya kumtsinje. "Masiku ano ndikamachokera kumlatho masana, pamakhala munthu wondiimika. Amavala jekete la mvula, chipewa chake chitaphimba nkhope. Akakwera, njinga silemera, koma kaliyala amanyowa. Ndikafika pageti panu pano kuti ndicheuke, watsika kale. Lero ndinamufunsa kuti akulu, bwanji kuthamanga mvula yonseyi? Anayankha ali kumsana kwanga, mawu ake ngati munthu wa chimfine. Akuti, 'Palasani, achimwene. Bwana andiitana. Pulinta yavuta ndipo mawa kuli alendo.'" A Mofati ananditambasulira chingwecho. "Ine njira ya kumlatho ndasiya, Anangozo. Landirani chingwe chanu."

Chinali chonyowa, chili ndi ndere.

Mawa kuli alendo! Amwali, pamenepo mutu wanga unatseguka. Lolemba lija, anthu akufunafuna thupi kumtsinje, ku ofesi kunabwera alendo a ku Lilongwe odzaona nkhokwe yathu ya mbewu. Tiyi wawo ndinaphika ndine. Bwana anawerenga zoyankhula zawo pafoni, akutsinzinira, akulumpha mizere, chifukwa pulinta inali itafa kuyambira Loweruka. M'mawa umenewo ankazungulirazungulira pakhonde akung'ung'udza kuti, "Munthu ukamuuza kuti abwere, bwanji sabwera?" Ine ndinkayesa akunena dalaivala.

Ndinaima pamsewu, osati ndi mantha ayi, ndi ukali. Munthu kufera pepala la "alendo olemekezeka, takulandirani"! Ndipo womuitanayo kuima pamanda ndi nsapato zonyezimira, nkusiya mudzi wonse ukumunena za saluni! Pamwamba pake akufuna achotse ine ntchito chifukwa cha madzi a munthu amene anamuitana yekha!

Lachinayi ndinatumiza uthenga kuti dzino landigwira, nkuzungulira njira ya kumsewu waukulu mpaka kutsidya, kwa Namaseko. Ndinamupeza pakhonde akusankha nyemba, atawonda, maso ali gwa. Pambali panali a Zakeyu, malume ake a malemu, amene kale ankayendetsa malole ndipo mpaka pano amayankhula ngati akupikisana ndi injini. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira kapu mpaka chingwe.

Namaseko anaika lichero pansi. "Anangozo, ine munthu uja ndinasiya kumulira. Zovala zake ndinaziponya m'thumba osazipinda. Ndikadutsa pa saluni ndimalavula. Mukundiuza kuti ndakhala ndikulavulira mayi wosalakwa, ndikudana ndi mwamuna wanga ali m'manda?"

"Ine ndikungonena zimene ndamva, mayi."

A Zakeyu anamenya bondo. "Ndinadziwa ine! Tinapita kumtsinje ndi nthambi kukatenga mzimu wake, monga timachitira munthu akafera kutali ndi nyumba. Tinamuuza kuti Lasitoni, tiye kumudzi. Nthambiyo ndinanyamula ndine. Inkandikokera kutsidya, ku Kaphiri, mpaka inandipulumuka nkugwera m'madzi. Anthu nkumati ndi chibwenzi chikumukoka. Chibwenzi cha chiyani! Kwathu kuno munthu akafera pa ulendo wotumidwa, achibale sitingamubweze. Amamumasula ndi amene anamutuma. Amaima nkunena kuti ndinakutuma ndine, ntchito yatha, pita ukapume. Pamaliro ndinafunsa poyera kuti alipo amene anamutuma mwanayu? Bwana wanuyo anali pampando wa kutsogolo, akuyang'ana nsapato zake."

Namaseko anatembenukira kwa ine. Anangofunsa kuti, "Mwati amabwera nthawi yanji?"

Lachisanu m'mawa bwana anandipeza ndikusesa. "Mukadali pano?"

"Tsiku silinathe, bwana."

Masana, mitambo itada kuphiri, Namaseko analowa pageti atavala zakuda, a Zakeyu ali pambuyo ndi nthambi yatsopano. Sanapemphe mpando. Namaseko anakhala pansi pakhonde, pafupi ndi pulinta, nkutambasula miyendo ngati pamaliro. Makalaliki anasuzumira m'zitseko. Bwana anatuluka akukonza tayi.

"Mayi, pepani ndi zovuta zija, koma ino ndi ofesi. Ngati pali nkhani..."

"Ndabwera kudzadikira mwamuna wanga. Ndamva kuti amabwera kuno masana."

"Zamisala zimenezo! Anangozo, ndi inu mwabweretsa anthuwa? Tulukani nonse, apo ayi ndiitana apolisi!"

"Itanani," ndinatero. Nanga ntchito inali itatha kale, ndikanaopanso chiyani? "Pa kuitana anthu mvula ikugwa ndinu akatswiri."

Bwana anayang'ana nsapato zawo.

A Zakeyu anatembenukira kwa Sigele. "Mayi, akuti mwamutsekera kunja mphwanga. Mutsegulireni."

"Mukangokhudza seva imeneyo, musadzapondenso pano!" anakuwa bwana.

Sigele anawayang'ana pamwamba pa magalasi, muja anandiyang'anira ine. "Bwana, munandiitana kuti ndithetse vuto la pulinta. Kutsekera sikunathetse kanthu, kwangolisunthira pachitseko panu." Anatsegula laputopu yake ali chiimire, nkudina pang'ono. "Ndabweza nambala yakale. Khomo latseguka."

Mvula inagwa ngati ikuthiridwa ndi ndowa. Magetsi anazima. M'kachipinda seva inatsala pa batire, ikulira tii, tii. Pulinta siili pa batire, amwali, magetsi akazima imazima limodzi ndi ketulo yanga. Koma kanyali kobiriwira kaja kanayaka. Fungo la bango linadzaza khonde lonse, kuzizira nkuyamba kukwera m'miyendo. Mtsikana wa pa risepushoni anayamba kupemphera mokweza, a Zakeyu nkumukalipira kuti akhale chete. Pulinta inadziwotha, kenaka inakoka pepala pang'onopang'ono, ngati munthu wotopa amene wayenda ulendo wautali.

Linatuluka lonyowa, inki itayenderera.

"Pepala loyesera," Sigele ananong'ona.

Sindinena kuti ndinaona dzanja, chifukwa sindinalione. Pakhonde panali mdima. Chimene ndikudziwa ndi chakuti pepala lija silinalinso m'thireyi, ndipo tinamva nsapato zodzaza madzi, fwa, fwa, fwa. Namaseko anapinda miyendo yake kupereka njira, osadzutsa mutu, muja amachitira mkazi bambo akamadutsa pakhomo. Nsapatozo zinapitirira mpaka pa ofesi ya bwana. Iwo anali ataima pakhomo penipeni, chitseko chotsegula chili pafupi ndi khutu lawo.

Go, go.

Bwana anatsetsereka ndi felemu ya chitseko mpaka pansi, tayi ili paphewa.

"Basi! Basi, Lasitoni! Yatheka, ndaona, zipita!"

Go, go.

"Zimenezo sakumva," anatero a Zakeyu. "Yambani ndi amoyo."

Ine sindinachedwe. "Madzi aja ndinkathira ndine?"

"Ayi, Anangozo."

"Chingwe ndinayanikira zovala?"

"Ayi, mayi."

"Lolemba ndibwere kapena ndisabwere?"

"Mubwere, mayi, mubwere."

A Zakeyu anandiyang'ana moipa, koma ine ndinafuna zanga zithe makalaliki onse akumva, aja anandiseka aja.

Zotsatira mwina munazimva kale. Kulira kumene Namaseko analira madzulo amenewo kunamveka mpaka pa saluni, Fanesi nkutuluka ndi chipeso m'manja. Nthambi ya a Zakeyu inawoloka kupita kumudzi osakoka. Pakhonde ndinakolopa ndekha, ndipo sipananyowenso. Koma ine chimene ndikufuna mukauze mayi wa kwaya uja ndi mawu amene ndinamva ndi makutu angawa, kugogoda kusanasiye. A Chikakuda anakwawa ndi mawondo pa simenti yonyowa, buluku la suti likumwa matope, mpaka pamapazi a Namaseko. Sanathe kumuyang'ana kumaso.

"Mayi, kunalibe Fanesi," anatero. "Lamulungu lija ndinamuimbira ndine. Anandiuza kuti bwana, mtsinje wadzaza, ndidzalawirira m'mawa. Ine ndinati ukapanda kubwera lero, Lolemba usadzaonekenso. Ndinamutuma ndine, mayi. Ndinamutuma ndine."